Tsiku Limene Ndinakana Kukhuthula Miyala

Ntchito yoyendetsa tipa anandipezera ndi a Tembo, bambo a ku Chipata amene tinkagona chipinda chimodzi kukampu. Ku Doha ndinabwera ngati mlonda, koma kuima pageti ku West Bay tsiku lonse kunkandisowetsa mtendere. Atamva kuti kwathu ku Dedza ndinkayendetsa lole ya mbatatesi, anati, "Nanga mukuoleranji pageti, achimwene? Kasintheni laisensi." Mapepala anandizunguza miyezi ingapo, poti kuno kalikonse kamafuna chidindo cha boma.

Dziko lino lilibe phiri. Gasi ndi wosayamba, koma mwala wolimba womangira msewu mulibe. Miyala imaswedwa kumapiri ouma a ku Oman n'kubwera pa sitima, ife n'kumakaitenga kudoko. Umayeza tipa pasikelo ilibe kanthu, akupakire, uyezenso, kenako ufunditse tenti n'kukunga zingwe. Nyengo yotentha boma limaletsa ntchito ya padzuwa masana, ndiye m'mawa wonse umakhala liwiro lokhalokha.

Tsiku lina kunauka shamal, mphepo ya fumbi ya kuno. Ndinafika pasaiti, pomwe ankamanga msewu cha ku Ras Abu Aboud, nthawi yoweruka itayandikira, matipa anayi akuliza mahutala kumbuyo kwanga. Folomani anandilozera malo pafupi ndi ngalande yongokwiriridwa kumene.

"Yalla, yalla! Tip!" anakuwa motero, kutanthauza kuti fulumira, khuthula.

Sindinatsike kukaona pansi. Ndinakoka handibuleki, n'kumasula chitseko chakumbuyo, n'kuyamba kukweza bodi yodzaza miyala. Itafika theka, botolo langa la madzi linagubuduka lokha kupita kumanzere. Poyang'ana pagalasi, matayala akumbuyo akumira mumchenga, bodi ikutengedwa ndi mphepo, ndipo mbali imene tipa inkapendekera kunali anthu awiri akulumikiza mapaipi. Mtima unati tsitsa msanga, koma a Tembo anali atandichenjeza kuti bodi yodzaza ukaigwetsa mwadzidzidzi ndiye wagubuduza galimoto. Ndinaitsitsa pang'onopang'ono mpaka inakhala.

Folomani anamenya chitseko kuti ndikwezenso. Ndinati ayi, pano ayi. Anandilanda kiyi.

"Khalas. Go camp," anatero, kutanthauza kuti basi, bwerera kukampu.

Masiku atatu ndinangozungulira m'kampu ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndikagona, ndadzuka, ndikatenga foni kuti ndiimbire mayi a kunyumba, ndaibweza m'thumba. Ndikanawauza chiyani, kuti mwina ndikubwera ndi chikwama chokha? A Tembo anangoti, "Mwatsika m'galimoto ndi miyendo yanu. Zinazo n'zokambirana."

Tsiku lachinayi mabwana a kuofesi anandiitana, n'kundipatsa kiyi ndi saiti ina. Palibe anandiuza kuti ndinachita bwino, ndipo inenso sindidzitama nazo, chifukwa cholakwa choyamba chinali changa: ndinamvera mahutala m'malo motsika.

Mpaka lero, kaya kutenthe chotani, kaya akuwe ndani, ndimatsika kaye n'kupondaponda pansi ndi jombo yanga. Pakafewa, bodi siikwera.