Dzenje Lakuda pa Chitenje cha Amayi

Ndikukumbukira ndili Sitandade 7 ku Chipoka, kunabwera mphunzitsi wongotuluka kumene ku koleji, a Mbewe. Ankavala tayi mwezi wa Okutobala, kunyanja, kumene ngakhale mbuzi imakana kuchoka pamthunzi. Zimenezo zokha zinayenera kutichenjeza.

Tsiku lina anasiya za m'buku n'kuyamba za kumwamba. Anati nyenyezi yaikulu ikafa imadzigwera yokha n'kusanduka dzenje lakuda, lokoka mwamphamvu moti kuwala kukalowamo sikutulukanso, ndipo kodutsa chapafupi kumakhota. Tinangowayang'ana. Iwo anati mawa lake wina abweretse nsalu yolimba, tidzaone ndi maso athu.

Ine, pofuna kutchuka, ndinatsegula sutikesi ya amayi n'kutenga nsalu yolimba kuposa zonse m'nyumbamo: chitenje cha gulu la amayi a kumpingo, chija amavala poperekeza maliro a mnzawo.

Tinachikoka anthu anayi, aliyense ngodya yake. A Mbewe anaika pakati mwala umene asodzi amakochezera bwato, nsalu n'kulowa pansi. Kenako anagubuduza kandimu, ati ndiko kuwalako. Kandimu kanayenda molunjika, kufika pafupi ndi mwala n'kukhota. Kunena zoona, zinali zokongola. Anabwereza kasanu, akutiyang'ana ngati kumwambako anamanga ndi iwo. Kenaka anati dzenjelo likule, n'kuwonjezera njerwa ziwiri. Chitenje chinangoti kweee, kuchokera pakati mpaka m'mphepete.

"Mwaiona mphamvu yake?" anatero a Mbewe, n'kupita kukamwa tiyi.

Kunyumba ndinapeza uthenga wafika: mnzawo wa amayi wa ku Maganga wamwalira, maliro mawa. Amayi sanandimenye. Anandigwira dzanja mpaka kwa a Nabanda, mtsogoleri wa gululo, kuti ndikafotokoze ndekha. Ndinafotokoza mwadongosolo: nyenyezi, kuwala, kandimu, njerwa. A Nabanda anamvetsera mpaka kumapeto, akusankha mpunga m'lichero, osadzutsa mutu.

"Kodi iwe, aphunzitsi akowo kwawo kulibe nsalu?"

Funso limenelo a Mbewe sanatiphunzitse.

Lamulo la gulu linali lodziwika: wopanda chitenje salowa pamzere. Pamaliropo amayi anakhala ndi anthu wamba pansi pa mtengo wa mango, akumvera patali anzawo akuimbira munthu amene ankagulitsa naye usipa kuyambira ine ndisanabadwe. Kunena zoona, ine ndikanakonda ndodo.

Ku koleji, kumene ndinakhalako zaka ziwiri ine ndi kolejiyo tisanagwirizane zoti tisiyane mwamtendere, ndinapeza kuti a Mbewe sananame. Kuwala kumakhotadi. Masamu ake ndinawaona, nawonso anandiona. Koma sukulu yanga yeniyeni inathera pa Chipoka pomwepo. Munthu wophunzira akati akuonetseni zodabwitsa za kumwamba, muyambe mwafunsa kuti nsalu akuyalayo ndi ya ndani, chifukwa ikang'ambika, wokakhala pansi pa mango sakhala iyeyo.