Mpando wa Odulidwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anadulidwa mu mpingo. Chinali chaka cha 1958, kumudzi kwathu kufupi ndi Mkaika. Mlandu wawo unali wakuti anakaphika pamaliro a malume, amene anali munthu wa Nyau. Pamaliropo gule anavina, ndipo lamulo la mpingo wathu linkaletsa Mkhristu kupezeka pamalo otero. Amayi ankalidziwa lamulolo, koma anapitabe. Mlongo wawo anali mmodzi yekhayo.

Amene anaimirira kulengeza chilango anali a Gidiyoni, mkulu wa mpingo, bambo wa jekete lakhaki ndi mawu aakulu. Anati amayi atha chaka chathunthu osadya Mgonero, ndipo azikhala pampando wa kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pomwe pankakhala odulidwa. Chimene chinandipweteka ine nchakuti mudzi wonse unkadziwa za a Gidiyoniwo. Mwezi uliwonse ankapalasa njinga kudutsa malire kupita kwa Apwitikizi, ati kukagula fodya, koma fodya wakeyo anali ndi ana awiri. Ngakhale ife ana tinkadziwa kuti kumeneko kuli mkazi wachiwiri.

Loweruka lililonse amayi ankakazira tchalitchi, poti pansi pake panali padothi. Ine ndinaganiza kuti tsopano tipuma. Ayi ndithu. Loweruka lotsatira anandisenzetsa mtsuko wa madzi, iwo natenga dengu la dothi lakuda. Tinazira mpaka kuguwa, penipeni pomwe ankaimirira a Gidiyoni. Ndinkazira misozi ya mkwiyo ikugwera m'matope, ndipo mwadala ndinasiya mizere ya zala.

"Amayi, tichokemo muno," ndinatero. "Kumpingo wa kutsidya kwa mtsinje akatilandira bwino."

"Bwereza pamenepo, sipanasalale," anayankha. Ndinabwereza, ndipo iwo anapitiriza osandiyang'ana. "Dothi la khoma ili ndinasenza ndine, iwe uli kumsana. Atate ako atamwalira, amene anakhala nane pasiwa ndi amayi a muno. A Gidiyoni ali ndi mlandu wawo kwa Mulungu, inenso ndili ndi wanga. Ndiye ndiwasiyire nyumba chifukwa chiyani?"

Sindinakhutire. Lamulungu lililonse ndinkakhala kutsogolo ndi ana anzanga, khosi lili gwa, kuopa kucheuka chifukwa cha manyazi. Koma nyimbo ikayamba, mawu a amayi ndinkawamva akuchokera kuchitseko.

Patapita miyezi isanu ndi iwiri, mkazi wa kwa Apwitikizi uja anatopa kudikira. Anatulukira Lamulungu m'mawa, mwana wina kumsana wina padzanja, nakhala pansi pa mtengo wa pakhomo pa tchalitchi. Sanatukwane munthu. Anangofunsa mwaulemu kuti bambo a ana awa ali kuti. Abusa atabwera, akulu a mpingo anakhala pansi, ndipo a Gidiyoni anadulidwa.

Sabata yotsatira ndinalawirira kuti ndikaone ndi maso anga. Ndisaname, ndinali wokondwa kwambiri. A Gidiyoni anafika mochedwa, opanda jekete, naima pachitseko chipewa chili m'manja. Mpando wa odulidwa unali waufupi, woumba ndi dothi, ndipo unali utadzaza kale: amayi ndi anthu ena awiri, onse odulidwa ndi pakamwa pa a Gidiyoni omwewo. Palibe anasuntha. Tchalitchi chonse chinatembenuzira makosi kumbuyo. Ine mumtima ndinkati aime choncho mpaka mapemphero athe.

Kenaka amayi anakoka nsalu yawo, nasendera mpaka kumapeto kwenikweni kwa mpando.

"Khalani apa, abambo," anatero. "Nyimbo ikuyamba."

Miyezi isanu yotsala ya chilango chawo amayi anaimaliza atakhala m'mphepete mwa mpandowo, pafupi ndi munthu amene anawaweruza. Za fodya sanatchulepo ngakhale tsiku limodzi.

Lero ndakalambira mu mpingo womwewo. Ndaona akulu abwino, ndaonanso ena oipa kuposa a Gidiyoni, ndipo kawiri konse ndinatsala pang'ono kuchoka. Chimene ndikumvetsa tsopano nchakuti amayi sankazirira a Gidiyoni. Nyumbayo ankaiona kuti ndi yawo, ndipo kulakwa kwa mtsogoleri sikukanawalanda. Ana anga akamadandaula za atsogoleri a masiku ano sindiwatsutsa, poti nthawi zambiri amanena zoona. Ndimangowakumbutsa kuti Loweruka asaiwale tsache lokasesera m'tchalitchi.