Kachitsulo ka m'chitini cha mabatani

M'chitini cha mabatani cha amayi munali kachitsulo kozungulira ngati ndalama, koboola pamwamba. Kanali kakuda bii, ndipo ukakapendeketsa padzuwa unkaona manambala anayi okhomedwa mokhotakhota. Mutu wa munthu panalibe, tambala panalibenso. Amayi ankati tikafuna batani tizitenga batani basi, "icho musachigwire." Kumuuza choncho mwana wa sitandade 4 n'chimodzimodzi kumutuma.

Inali nyengo yachisanu, chaka chachiwiri chichokereni kwathu ku Thyolo, amayi atatumizidwa ku Chitipa kukagwira ntchito ya unamwino. Mphepo ya kumeneko inkang'amba milomo, fumbi lili m'mano, miyendo ili mbuu ngakhale udzole bwanji. Ine zonsezo sindinkazimva. Kachitsulo kanali m'thumba la diresi langa la sukulu, ndipo mumtima ndinali nditagamula kale kuti ndi golide.

Ndinayambira kwa amalume, mchimwene wawo wa amayi, amene anali ndi kagolosale pamsika wa paboma. Ankapita kuboda kukaoda katundu, moti ndalama za mayiko atatu ankazidziwa pongokhudza. Ndinawapeza akuseka ndi kasitomala. Atangokaona, kuseka kunathera pomwepo. Anakabwezera m'dzanja langa, n'kupinda zala zanga ndi zawo. "Amayi ako akudziwa? Kabwezere pomwe wakatenga." Basi, ndinatero, ngati amalume achita mantha, ndiye ndi golide weniweni! Uchitsiru wa mwana umathamanga kwabasi.

Aphunzitsi ndiye anandiwonjezera moto. Anavula magalasi, anavalanso, n'kunena kuti mwina ndi ndalama ya nthawi ya Majeremani. Kalasi yonse inandizinga, ngakhale aja ankandiseka Chitumbuka changa chothyokathyoka. "Koma litsiro laphimba zilembo," anatero aphunzitsi. "Kakanakhala koyera tikanawerenga."

Mawu amenewo anandipatsa ntchito. Masana atatu ndinkatsetserekera kumtsinje wa Lufita ndi mandimu ndi phulusa m'kapepala. Madzi ankazizira mpaka zala kuuma, mandimu akuluma m'ming'alu ya manja, ine ndili pamwala kukwecha ndi mchenga. Mbali imodzi panali pakuda kwambiri, posalala ngati pofikisidwa, ndipo pamenepo ndi pomwe panandivuta. Ndinalimbana napo mpaka panagonja. Tsiku lachitatu kachitsulo kanawala ngwee, kachikasu, ndipo ndinavina ndekha pamwalapo. Zilembo sizinatuluke, anali manambala omwe aja.

Mbiri inafika pamsika. Bambo wina wa kutsidya kwa boda, wogula zinthu zakale, anandiimitsa n'kufunsa mtengo m'chinenero chakwawo: "Bei gani, mtoto?" Anandionetsa wotchi yoyaka ukadina pambali. Maine! Wotchi, ine? Tinapangana zosinthana Loweruka. Zoti amayi adzatsekula chitini n'kupeza mulibe, ndinkazikankhira kumbuyo kwa mutu.

Loweruka m'mawa amayi anandituma ndi ndowa yodontha kwa mdala wokhoma zidebe, amene ankakhala pansi pa mtengo panjira ya kumsika. Ndinati mwayi wanga, ndisiya ndowa n'kupitirira kukatenga wotchi. Koma kudzitama kunandigwira. Nditapereka "monire," ndinatulutsa kachitsulo kuti nawonso aone golide.

Mdalayo anaika hamala pansi. Anapukuta manja pabuluku, n'kukalandira ndi manja awiri ngati akulandira mgonero kutchalitchi.

"Ichi si ndalama yayi, mwana wane. Ndi nambala ya munthu wa mumgodi. Inenso ndinali nayo ku Joni." Anandifotokozera pang'onopang'ono, m'Chichewa chake chosakaniza. Polowa pansi, aliyense ankakoloweka yake pamsomali wa pabolodi, potuluka n'kuichotsa. Bolodi likakhala mbee, ndiye kuti onse atuluka. "Ikatsala, mwini wake watsala pansi. Ndiye imene amatumiza kumudzi."

Ine ndinangomva chimodzi: ndadziwa! Chimene chinawakanika aphunzitsi, ine ndachidziwa! Wotchi ndinaiiwala, ndowa ndinaisiya, liwiro la kunyumba, zidendene zikumenya m'matako. Ndinawapeza amayi akuyanika yunifolomu yawo pachingwe.

"Amayi! Kachitsulo kanu kaja ndakadziwa! Ndi ka mumgodi! Amakoloweka pabolodi, ndiye kakatsala..."

Sanandimenye, ndipo mpaka lero ndimati bola akanandimenya. Anakatenga, anakatembenuza kawiri, n'kukhala pansi pakhonde, yunifolomu ikudontha pachingwe. Chala chawo chachikulu chinapita pamalo paja ndinalimbana napo.

"Wachitsuka," anatero. Patapita kanthawi ananenanso chapansipansi, "Ababa ankachigwira apa."

Lero chitini chili kwanga, ndipo kachitsulo kadanso, koma ndi kuda kwa m'chitini chabe. Ndikudziwa tsopano chifukwa chimene amayi, tikapita ku Thyolo kukalambula kumanda, ankasesa pa mayi awo pokha, n'kuimirira ndi tsache m'manja ngati pali pena pomwe aiwala. Bokosi la bambo awo silinabwere kuchokera ku Joni. Chinabwera ndi chimenechi.

Koma tsiku limenelo ndinaima patsogolo pawo, manja akununkhabe mandimu, ndikudikira kuti andiyamikire. Nditaona kuti akuchedwa, ndinawagwedeza paphewa.

"Amayi, simukuona mmene kakuwalira?"