Mwala wa Mphini Tinausiya Kumanja

Tsiku limenelo tinkathothola mtedza pabwalo. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Amayi anali pamphasa ndi mng'ono wanga Tereza, yemwe anali asanayambe kuyenda. Atsibweni a Zuze, mlongo wawo wa amayi, anali pansi pa mtengo wa mango akupota chingwe cha luzi. Maso awo anali atachita ng'ala, koma chingwe ankapota chowongoka kuposa anthu openya.

Mfuti inalira cha kusukulu. Nkhuku zinathawa ife tisanadzuke. Kenako mfuti zinalira zambiri, ndipo utsi unakwera pamene panali nyumba ya aphunzitsi. Sitinafunse kuti ndi asilikali a mbali iti. Bambo anali atatengedwa kale chaka cham'mbuyo kukasenza katundu wa anthu amfuti, ndipo sanabwererenso.

Amayi anabereka Tereza, natenga poto mmodzi ndi mtedza wa m'nsalu. Ine ndinagwira atsibweni padzanja. Nsapato zanga zapulasitiki zinatsala pakhonde, zitagundana bwinobwino ngati mwini wake ali m'nyumba.

Mudzi wathu unali ku Mozambiki, ulendo wa masiku angapo kuchokera m'malire a Zambia. Aliyense ankadziwa kuti kumpotoko kulibe nkhondo. Koma msewu wopita kumeneko unali wa asilikali, ndipo m'tchire palibe mwa ife amene anali atayendamo. Titafika kuseri kwa manda, amayi anaima, osadziwa kolowera. Atsibweni anati tiyende ndi Ulendo.

Inu obadwa nkhondo itatha simungaudziwe Ulendo. Inali ndakatulo yaitali ya mtundu wathu. Inkanena mmene makolo anachokera kutali kumpoto, mitsinje imene anawoloka, mapiri amene anagonapo, ndi anthu amene anaikidwa m'njira, mpaka kufika pamudzi pathu. Inkanenedwa pamaliro a munthu wamkulu basi, ndipo kwathu woinena anali atsibweni. Ankati Mpwitikizi ali ndi mapepala ake, Mngerezi ali ndi ake, ife Achewa pepala lathu ndi limeneli.

Ine ndinkadana nawo Ulendo. Unkachedwetsa chakudya cha pamaliro. Ine ndi anzanga tinkanong'onezana kuti atsibweni akayamba, womwalirayo amafika kumwamba iwo asanawoloke mtsinje woyamba. Sindinasunge mzere ngakhale umodzi.

Kuseri kwa manda kuja atsibweni anatiuza kuti ngati makolo anabwera ndi mawu amenewa, ifenso tibwerera nawo. Tiyambira kumchira. Iwo azinena mzere, ine ndiziyang'ana. Kenako anandifinya dzanja.

"Luziya, iwo ankabwera, ife tikupita. Chimene anasiya kumanja, ife tichisiya kumanzere. Pamene anatsika, ife tikwera. Ndikanena mzere, iwe tembenuza."

Tsiku loyamba anati, "Phiri la Ng'ombe tinalisiya kumanzere, linunda lake likutiperekeza." Ndinakweza maso ndipo ndinaliona. Phiri limenelo ndinkaliona tsiku lililonse ndikamatunga madzi, osadziwa kuti lili m'ndakatulo. Ndinatembenuza, tinalisiya kumanja. Tinatafuna mtedza wauwisi. Minga inandilasa kuphazi kawiri, amayi naichotsa ndi phini ya chitenje.

Tsiku lachiwiri tinafika pa Dambo la Nsenjere. Ulendo umati pamenepo anaikapo mwana wa Nabanda, namufotsera ndi nsenjere chifukwa makasu analibe. Nsenjereyo inalipobe, yaitali kutiposa. M'mphepete mwake tinapeza njinga itagona chammbali, ndi dengu la ufa litatayika. Mwini wake sitinamuone, ndipo sitinamufunefune. Amayi anakokolola ufawo pamodzi ndi nyerere zake.

Tinadula dambolo madzi akufika m'mawondo. Dzuwa likupendeka atsibweni anayamba kunjenjemera. Anati si kanthu, ndi ukalamba chabe. Dzanja lawo linali lotentha m'dzanja langa.

Tsiku lachitatu malungo anali atawagwira ndithu. Sankafotokozanso kanthu. Ankangonena mizere ndi mawu otsika, mutu uli pansi. Chakum'mawa anati, "Mwala wa Mphini tinausiya kumanja." Patapita kanthawi ndinauona. Unali mwala waukulu wokhala ndi timizere takuda totsika, ngati mphini za pamasaya a amayi achikulire. Ndinakondwa kwambiri. Ndinali nditayamba kudziona ngati katswiri. Ndinauza amayi kuti mawa tikadya ku Zambia.

Ndinamva kuti kumanja, ndipo ndinausiya kumanja. Sindinatembenuze.

Tinayenda mpaka dzuwa litafika paliwombo. Tinadutsa munda wa chimanga wokololedwa kale, mapesi ali gonegone. Kumapeto kwa mundawo atsibweni anaima, nanunkhiza mpweya. Anandifunsa kuti mwala uja tinausiya mbali iti. Ndinawauza. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandimenya ndi ndodo yawo.

Kenako nanenso ndinamva fungo la fodya ndi mafuta a galimoto. Kutsogolo kwathu, kuseri kwa tchire laling'ono, kunali msewu. Amuna amfuti anali atakhala pansi pa mtengo tsidya linalo, akudya. Tereza anakhosomola. Awiri mwa iwo anaimirira nayang'ana kumene tinali.

Kumbuyo kwathu kunali munda uja, poyera. Munthu akanatha kukwawa pakati pa mizere yake osaoneka. Ine ndikanatha, amayi akanatha. Nkhalamba yakhungu ya malungo sikanatha. Atsibweni anadziwa zimenezi ife tisanazinene. Anamasula zala zanga padzanja lawo chimodzichimodzi, chifukwa ndinkakana kusiya.

"Miyendo ipite ndi amako," anatero. "Makutu atsale kuno."

Anaimirira mowongoka, nayenda ndi ndodo yawo kulowera mbali ina, kutali ndi ife, mpaka anatulukira pamsewu. Pamenepo anakweza mawu aja a pamaliro. Ine ndinali chafufumimba m'mizere, dothi lili m'kamwa, amayi ali pambuyo panga.

"Pa Chitsime cha Njuchi tinamwa chogwada, tinatsika ndi khwawa. Tembenuza! Mikuyu iwiri tinapita pakati pake, dzuwa lotuluka lili kumanzere. Tembenuza!"

Asilikali aja anaseka. Wina ananena liwu la Chipwitikizi limene ndinkalidziwa, lotanthauza wamisala. Atsibweni anabwereza mizere iwiriyo kuti ndiimve bwino. Kenako anayamba wachitatu. Anangofika poti, "Pa phiri la..." Mfuti inalira kamodzi. Ndinaima kukwawa. Amayi anandikankha chidendene ndi mutu wawo, ndipo ndinapitiriza.

Tinabwerera ku mwala uja, tinausiya kumanzere. Khwawa tinalipeza, tinakwera nalo. Chitsime chinalipo, njuchi zikumwa m'mbali mwake, ndipo tinamwa chogwada. M'mawa mwake tinayenda dzuwa lili kumanja mpaka tinafika pa mikuyu. Umodzi unali utagwa kalekale, koma chitsa chake chinalipo. Tinapita pakati pake.

Kuchokera pamenepo tinalibe mawu otitsogolera. Tinazungulira masiku awiri. Mtedza unatha. Tereza anasiya kulira, ndipo zimenezo zinatiopsa kuposa kulira kwake. Tsiku lachiwirilo amayi anaona ndowe yaiwisi ya ng'ombe. Anati kumene ng'ombe zikadalipo, nkhondo sinafike. Tinatsata mapazi a ng'ombezo mpaka pamtsinje, ndipo tinawoloka.

Tsidya linalo tinakumana ndi amuna a nkhwangwa ndi mikondo. Anthu amfuti ankawoloka kudzaba ng'ombe kumeneko, choncho aliyense wochokera kwathu ankakayikiridwa. Anatikhazika padzuwa, pafupi ndi chigayo. Anatifunsa chitupa, natifunsanso kuti ndife a dziko liti. Chitupa tinalibe. Wina anati mwina ndife akazi a achifwamba, otumidwa kudzawerenga makola. Wina anati tibwezedwe kumene tachokera.

Ndinalibe choonetsa. Ndinangoyamba kunena chimene ndinali nacho, kuyambira kumchira monga ndinachimvera. Mudzi wathu, Phiri la Ng'ombe, mwana wa Nabanda m'nsenjere, Mwala wa Mphini, Chitsime cha Njuchi. Nditafika pa mikuyu ndinasiya, chifukwa mpomwe panathera zanga.

Panali bambo wina wopunduka mwendo amene ankamata chubu cha njinga pakhonde la chigayocho. Dzina lawo ndinalidziwa pambuyo pake, anali a Mbewe. Anaika chubucho pansi, nandifunsa kuti wandiphunzitsa ndani zimenezi, komanso bwanji ndikuzinena chobwerera. Ndinati atsibweni. Anafunsa kuti ali kuti. Ndinayang'ana kutsidya kwa mtsinje, ndipo sanafunsenso.

Kenako ananena mzere wawo, ndi kayimbidwe komwe kaja ka atsibweni. "Pa Kamphambe tinagawana mbewu, ena anawoloka, ena anatsala." Anatiuza kuti Kamphambe ndi mtsinje umene tinali titangowoloka. Anatembenukira kwa amuna aja.

"Ife ndife ana a otsala. Awa ndi ana a owoloka. Mufuna chitupa chanji china? Apatseni madzi."

Anatipatsa madzi. Mayi wina anatenga Tereza namuyamwitsa pamodzi ndi mwana wake. Patapita masiku lole inatitenga kupita ku Chipata, kenako kumalo a othawa nkhondo. Nditakula ndinakwatiwa ku Madzimoyo, pafupi ndi Chipata, ndipo ndi kumene ndili mpaka lero. Amayi anakhala nane mpaka anamwalira ali okalamba. Tereza amagulitsa zovala za salaula kumsika wa Kapata ku Chipata. Sakumbukira kalikonse, ndipo ndimathokoza Mulungu pa chimenecho.

Zaka zonsezo amayi sanatchulepo za mwala uja. Sanandinenepo kuti ndinalakwa, sanandiuzeponso kuti sindinalakwe. Ine ndikudziwa chimene ndinachita. Ndinali mwana, ndinali ndi njala, zonsezo n'zoona. Koma liwu linali limodzi lokha, ndipo anali atandiuza. Zimandipwetekabe.

Ndili mtsikana ndinabwerera kangapo kwa a Mbewe. Anandiphunzitsa Ulendo kuyambira kumutu mpaka pa Kamphambe. Kupitirira apo wawo umakhotera kumidzi ya kuno. Za tsidya lija sankazidziwa. Nkhondo itatha ndinapita kwathu kukafunsa. Pamudzi panali patamera tchire, ndipo mwa ochepa amene anabwerera palibe amene anasunga mawu. Onse anali ngati ine, odikira chakudya cha pamaliro.

Lero munthu wamkulu wa mtundu wathu akamwalira, amandiitana ine. Mtsikana uja wonyoza ndiye amachedwetsa anthu kudya, ndipo ndimawaona ana akunong'onezana kumbuyo. Ndimayamba kumutu ndi mawu a a Mbewe, kufika pa Kamphambe. Kuchokera pa mikuyu mpaka kumudzi kwathu ndimanena mawu a atsibweni. Pakati pa mtsinje ndi mikuyu pali mizere imene ndilibe. Amayi ankati inali itatu kapena inayi. Ndikafika pamenepo ndimati, "Pa phiri la," kenako ndimakhala chete kwa nthawi imene mizereyo ikanatenga.

Mdzukulu wanga Chisomo, yemwe ali ku sekondale, anandijambula pafoni mwezi watha. Ataimvetsera anabwera kudzandiuza kuti pali malo ena pamene pakumveka ngati foni yazima.

"Agogo, ingopekani dzina la phirilo. Adzadziwa ndani?"

Ndinamuuza kuti asadzayerekeze, ngakhale ine nditapita. Atsibweni a Zuze sitinawaike. Sitikudziwa ngati alipo amene anawafotsera, ngakhale ndi nsenjere. Pachete pamenepo ndi pamene pali manda awo, ndipo manda ena alibe.