Mpando Woti Akuliremo

Ine chinthu cha mwana sindinkagula chomukwana. Nsapato ndinkasankha zazikulu nkuikamo pepala kutsogolo. Diresi ndinkalipinda m'munsi nkulisokerera, chaka chinacho nkumasula. Ndi mmene anatilerera amayi, ndipo sindinkaonapo cholakwika, mpaka chaka chimene mwana wanga wamkazi anasiya kukwana pampando wake wa m'galimoto.

Tinkakhala ku Bangwe. Abambo ake anali ndi kagalimoto kakale, ndipo m'mawa uliwonse tinkanyamuka atatu. Mwana tinkamusiya kwa mchemwali wanga ku Chitawira, ine ndinkatsikira ku Mandala komwe ndinkakolopa maofesi, iwo nkupitirira kuntchito m'tauni. Mpando woyamba anandipatsa ndi abwana anga aakazi, ana awo atakula. Achibale ankatiseka kuti tikumanga mwana ngati mbuzi yopita kumsika. Ndinkangowasiya. Msewu wa Limbe mpaka Chichiri ndinkaudziwa ndine, mmene minibasi imaimira paliponse pamene kondakitala waona munthu.

Mwana atakwanitsa zaka ziwiri ndi theka, mutu wake unayamba kutulukira pamwamba pa mpandowo, zingwe zikumufinya m'mapewa. Ankalira kuchokera pakhomo mpaka Chitawira. Pamenepo nkuti ndili woyembekezera miyezi isanu ndi umodzi, mapazi otupa, tulo tosakwana.

Loweruka lina ndinapita ndekha ku Limbe, kwa mavenda a katundu wa kaunjika. Nditazungulira mpaka dzuwa kufika pamutu, ndinapeza bambo wina wachipewa choluka atayala mipando itatu pakati pa zidole zoduka mikono.

"Mayi, mwanayo ngwamkulu bwanji?"

Ndinaika dzanja pantchafu. "Akulekeza apa."

"Ndiye wapakatiwu."

Ndinauyang'ana wapakatiwo. Unali ndi zingwe zakezake ngati wakale uja, koma ndinaona kuti posachedwa ndidzakhalanso ndikuzungulira mumsika momwemu. "Nanga waukuluwo?"

"Uwo ngwa mabwana oyamba sukulu. Ameneyo adzakwera mpaka sitandade foro, mwinanso mpaka chinkhoswe."

Sindinafunsenso. Unalibe zingwe, koma bamboyo anati umagwira ndi lamba wa galimoto yemweyo. Ndinausenza kupita kudepoti. Kondakitala atandiona anakuwa kuti, "Masiteni, mwabwera ndi mpando wanuwanu? Athuwa akukuyabwani?" Minibasi yonse inaseka. Ine mphamvu yosekera ndinalibe.

Lolemba mwana anakhala pampando watsopano ngati mfumukazi, timiyendo tili lendelende, osalira. Ndinaona kuti lamba akumudutsa pafupi ndi khosi, ndinamutsitsira paphewa ndi dzanja, nkudziuza kuti akuliramo. Tikuyandikira pa Chichiri, minibasi inatilowera kutsogolo nkuima pomwepo. Abambo ake anaponda buleki. Sitinagunde, koma mwana anatsetsereka pansi pa lamba wa m'chiuno, wa paphewa uja nkumukola pansi pa chibwano. Ndinali naye pambali, koma dzanja langa linafika zonse zitachitika kale. Anatong'ola maso, kenako ndi pamene analira. Pakhosi panatsala mzere wofiira.

Abambo ake anaimika galimoto pambali.

"Amake mwana, zachizungu zanuzi zitiphera mwana. Kuyambira lero muzimufukata ngati anthu ena onse."

"Ndimufukate pati?" ndinatero ndikuloza mimba.

Anatsika m'galimoto. Mpando unalowa kubuti.

Sabata imeneyo ndinamunyamula chammbali, atakhala pabondo limodzi, mkono wanga utamuzungulira pachifuwa. Pofika ku Mandala msana unkakhala utauma, ntchito ndisanaiyambe nkomwe. Chimene chinkandivuta kwambiri si msanawo. Buleki iliyonse, ngakhale yaing'ono ya pa mahampu, ndinkamva mwana akukokedwa kuchoka m'manja mwanga. Ndinadziwa kuti ya pa Chichiri ija ikadzabwereranso, manja angawa sadzamugwira.

Loweruka linalo ndinabwerera ku Limbe, mwana kumbuyo, mpando pamutu, winayo m'mimba. Bambo wachipewa uja atandiona patali anayamba kupukusa mutu.

"Iyayi mayi, pano sitibweza katundu. Munasankha nokha, ine ndinakuuzani wapakati."

"Munandiuzadi, achimwene. Wolakwa ndine." Ndinamutsitsa mwana nkumukweza chibwano. Mzere uja unali utada.

Anauyang'ana, anavula chipewa nkukanda mutu. Kenako anautembenuza mpando waukuluwo nkundionetsa kapepala komatidwa m'mbali, kamene ine sindinakaone tsiku loyamba lija. Chizungu chake sindinachimve, koma manambala ndimawerenga. Panalembedwa 15 mpaka 36, kutsogolo kwake kg. Pa wapakati uja panali 9 mpaka 18.

"Kusikelo anati makilo angati?" anandifunsa.

Ndinachita manyazi. Chiyambireni ntchito ku Mandala ndinali nditadumphitsa miyezi ingapo, ndipo buku lake linali kunyumba.

"Tiyeni," anatero, nkuuza woyandikana naye kuti amuonere katundu.

Tinawoloka msewu kulowa m'sitolo ina yogulitsa mpunga ndi nyemba m'matumba. Pakauntala panakhala mayi wina wachikulire wachimwenye. Bamboyo anamufotokozera, mayiyo nkumuyang'ana mwana pamwamba pa magalasi.

"Mpunga wamtundu wanji uwu woyenda wokha? Muikeni pasikelopo. Muvuleni nsapato, musandibere."

Mwana anakana, anandigwira chitenje zolimba. Ndinamunyengerera, ndinamuopseza, mpaka mayiyo anatulutsa switi m'botolo. Anaima pasikelo yafumbi la ufa, switi mkamwa. Muvi unaima pa 12.

"Makilo atatu akusowa," anatero mayiyo. "Mdzukulu wanga anakhalitsa pa wazingwe. Mukuthamangira kuti, mayi? Akula yekha ameneyu."

Titabwerera pamalo ake, bamboyo anandisinthira mpando nkundipatsa wapakati uja akung'ung'udza kuti azimayi a ku Bangwe adzamutsekera geni. Ulendo uno sindinachite changu. Ndinaugadabuza kufuna ming'alu, ndinakoka chingwe chilichonse, chomangira chapakati ndinachitseka ndi kuchitsegula kangapo. Ndinamukhazika mwana pomwepo pansi, pakati pa anthu odutsa, nkumumanga. Mutu unali mkati bwinobwino, zingwe zikutulukira pamapewa penipeni. Ndinamugwira m'khwapa nkumukokera kutsogolo mwamphamvu. Sanasunthe, anangondikalipira.

Kunyumba abambo ake anauyang'ana mpandowo ngati mlendo wobwera nthawi ya njala.

"Winanso?"

"Mukokeni nokha muone."

Ndinamumanganso mwana pakhonde, iwo nkumukoka kawiri. Anaunyamula kupita kugalimoto, ndipo anatha nthawi yaitali atawerama, akulowetsa lamba kumbuyo kwa mpandowo motsatira tizithunzi ta m'mbali, akutukwana chapansipansi amene anaupanga. Ine ndinakhala pansi nditatsamira khoma, miyendo nditatambasula, osafuna ngakhale madzi.

Lolemba mwana analira pomumanga, analira podutsa Limbe, nkudzatonthola yekha akuonera njinga zamoto pawindo. Abambo ake anaponda buleki kangapo monga mwa masiku onse. Ine manja anga anali pamimba, ndipo ndinadzidzimuka kutulo iwo atandigwedeza phewa kuti tafika kwa mchemwali wanga.