Nyimbo ya Zefaniya

A Alufeo sanamenyepo mpira ngakhale tsiku limodzi, poti mwendo wawo wakumanzere unali wopuwala chibadwire. Koma ku Bembeke kuno mpira sunkakoma iwo asanafike ndi ng'oma yawo panjinga.

Mlimi wa kabichi ameneyu anali ndi misala yake: wosewera aliyense wa timu yathu ankamupekera nyimbo yakeyake. Iwo ankatsogolera, ife n'kumavomera mpaka mawu kusasa. Goloboyi wathu Gerevazio, waulesi uja, anali ndi yake yomunyoza mimba. Koma yokoma koposa inali ya mwana wawo Zefaniya, mphunzitsi amene ankatigoletsera zigoli. Ikayamba, ife ogulitsa mbatata tinkasiya madengu.

Mu 1976 kunabwera galimoto kusukulu n'kumutenga Zefaniya, choko chili m'manja. Akuti anayankhula zosayenera za boma. Masiku amenewo munthu akatengedwa chotero, dzina lake sunkalitchulanso, ngakhale kudimba.

A Alufeo anapirira miyezi inayi. Loweruka lina tikusewera ndi a ku Chimbiya, mkazi wawo a Victoria anawagwira malaya.

"Bambo a Zefa, chonde, pano pali makutu. Ndataya kale mwana, musandiwonjezere."

"Akaiwalika pabwalo pano ndiye kuti wafa," anayankha. "Anthuwa ankamukonda. Avomera."

Anaguguda ng'oma n'kuyamba nyimbo ija ndi mawu onse. Atafika poti tivomere, bwalo lonse linangoti zii. Anabwereza. Anthu mazanamazana tinangozolika ngati nkhuku zonyowa. Ine ndinali pafupi moti ndinkamva kupuma kwawo, ndipo ndinatseka pakamwa. Mpaka lero manyazi ake sanandichoke.

Palibe wa boma anabwera kudzawagwira. Anamangirira ng'oma panjinga n'kumapita, mpira uli mkati. Kubwalo sanapondekonso, ndipo Zefaniya sanabwerere.

Patatha zaka zisanu ndi ziwiri a Alufeo anadwala kwambiri. Ndinakawazonda ndi mtima wofuna kupepesa, koma iwo anayamba kundifunsa.

"Kristina mwana wanga, tsiku lija, kodi mawu a nyimbo ija munali mutawaiwala?"

Ndinanama. Ndinati inde.

Nkhope yawo inamasuka. Anandigwira dzanja, n'kuyamba kundiphunzitsa nyimboyo pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, akudikira kuti ndivomere.