Fungo la Matope Linatsala Pang'ono Kundiphetsa Mkazi Wanga

Inu owerenga, ine ndinatema mkazi wanga ndi khasu dzuwa likuswa mtengo, ndisanalawe ndi dontho lomwe la mowa, tisanayambane n'komwe. Ndalemba izi kuti wina amene akudwala monga ndinkadwalira ine asadikire kufika pamene ndinafika.

Ndine mkamwini. Kwathu ndi kufupi ndi ku Boma, koma ndinakwatira m'munsi mwa phiri la Mulanje, ndipo monga mwa mwambo wa kuno ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga, kulima munda wa apongozi. Chaka chimene napolo anatsika m'phiri ndi namondwe uja, nyumba yathu inapulumuka, koma mudzi woyandikana nafe unakwiririka. Mvula itangodukiza, amuna tonse tinanyamula makasu kukafukula anthu m'matope. Kumeneko sutema mwamphamvu ngati ukulima ayi, umaopa kulasa munthu. Khasu likagunda chofewa, mtima umayamba waima. Ine ndinatulutsa mayi wina amene ankatigulitsa nthochi pamsika, mwana ali kumbuyo, chitenje chikadali chomanga bwinobwino.

Titaika maliro ndinkangoti zatha. Anthu ankanditama kuti ndine wolimba mtima, inenso n'kumayenda modzimva. Chilimwe chonse ndinkangoona tizinthu ting'onoting'ono. Mbale ikagwa ndinkadzidzimuka ngati ndalumidwa ndi njoka. Thalakitala ya ku esiteti ya tiyi ikamadutsa ndi mkokomo wake, miyendo inkafuna kuthawa yokha. Tulo tinkandivuta, ndipo mwana wathu Tadala ndinkamukalipira pa zinthu zopanda pake. Sindinauze munthu.

Zinafika poipa mvula yoyamba itagwa. Mukulidziwa fungo lija la dothi lonyowa, limene alimi amalikonda? Ine linkandichititsa nseru. Ndinkanyamula khasu bwinobwino m'mawa, koma ndikafika kumunda n'kuona matope, thukuta linkangoti kamukamu, ndipo ndinkabwerera kukakhala pabawo. Apongozi aakazi anayamba kuyankhula mokuluwika kuti akamwini ena amadziwa kugwira mbale yokha. Ena m'mudzi anati vuto n'lakuti ndinagwira mitembo osasamba mankhwala monga amachitira adzukulu akachoka kumanda, ndiye mizimu ikunditsata. Anandiperekeza kwa sing'anga, anandisambitsa, kunditema mphini pachifuwa. Kunena zoona ndinakondwera nazo, chifukwa kunena kuti mizimu yandigwira kunali kosavuta kusiyana ndi kuvomera kuti bambo wamkulu ngati ine ndikuopa dothi.

Tsiku lina mvula itagwa, mkazi wanga anandipempha kuti tikakumbe chinangwa. Pofuna kutseka pakamwa apongozi, ndinalimba mtima. Ndinatema kangapo, kenaka khasu linagunda chofewa n'kutukula kansalu kakale ka chitenje kamene kanakwiririka pamzere.

Abale anga, sikuti ndinangokumbukira ayi. Ndinabwerera komwe kuja. Munda unasowa, ndinamva miyala ikugubuduzika ndi anthu akulira, ndinaona msana wa mayi uja ukutuluka m'matope. Akuti ndinkakuwa kuti pali munthu, pali munthu. Mkazi wanga anathamanga n'kundigwira paphewa chakumbuyo. Ine ndinamva ngati matope andigwira kuti andikokere pansi, ndipo ndinatembenuka ndi khasu lomwe.

Nditazindikira, iye anali pansi atagwira mkono, magazi akutsika mpaka m'chigongono. Akanapanda kutchinga ndi mkonowo, khasu likanalowa m'mutu. Sankalira. Ankangondiyang'ana ngati munthu amene sanamuonepo. Pamapazi panga panalibe mtembo, panali chinangwa basi.

Atamusoka kuchipatala, akwawo anaitana ankhoswe. Apongozi anali atandiikira kale chikwama panja, ndipo sindikuwadandaula, mwana wawo anatsala pang'ono kufa. Mawu otsiriza anali a amalume a mkazi wanga, eni mbumba, mkulu wosayankhulayankhula amene anabwera kuno pothawa nkhondo ku Mozambiki. Ndinkadikira kuti andiuze kuti ndizipita kwathu. Koma anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Akamwini, potembenuka paja, munkaona chani?"

Palibe amene anali atandifunsapo funso limenelo. Ndinalira pamaso pa apongozi ngati mwana, n'kuulula zonse. Mkuluyo anati iyenso atangofika kuno, nsungwi ikaphulika pamoto ankadzigwetsa chafufumimba poganiza kuti ndi mfuti, anthu n'kumaseka, ndipo mkazi wake woyamba anamuthawa. "Awa si aulesi, komanso si mizimu iyi," anatero. "Akudwala. Chikwamacho chikhale kwa ine, mawa ndiwaperekeza kuchipatala." Tonse tinangoti kukamwa yasa, chifukwa ngakhale mlongo wake, apongozi angawo, sankadziwa kuti kumeneko kunali kudwala.

Kuchipatala ndinakumana ndi dokotala woona za maganizo. Anandiuza kuti ndi matenda odziwika amene amagwira munthu amene waona zoopsa. Thupi limapulumuka, koma mutu umakhala ngati ngoziyo ikuchitikabe, ndipo fungo kapena phokoso lokha limaudzutsa. Anati si misala, ndipo amachizika. Ndinkapita kukacheza naye pafupipafupi. Anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono zikayamba, ndi kutchula mokweza zimene maso akuona: uwu ndi mtengo wa mango, uwu ndi munda wathu. Khasu ndinalibwerera pang'onopang'ono, kuyambira padothi louma, amalume aja ataima pafupi. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti pabenchi yodikirira ndinapezapo mnzanga amene tinkafukula limodzi, yemwe tonse tinkamunena kuti wangolowerera ndi kachasu.

Inu owerenga, ngati munaona zoopsa, kaya ndi napolo, ngozi ya pamsewu kapena achifwamba, ndipo papita miyezi koma mukudzidzimukabe, mukulota zomwezo, mukuzemba malo ena, musabise. Uzani wa pafupi nanu, pitani kuchipatala. Pempherani ndithu, koma kuchipatalako pitaninso. Ndipo inu achibale, musanamutche munthu waulesi kapena wamizimu, yambani mwamufunsa chimene akuona.

Ine ndinabwerera m'nyumba mwanga patapita nthawi, ndipo chaka chino ndalima munda wonse, mvula ikugwa. Mkazi wanga anandikhululukira, koma chipsera chili pamkono, ndipo mkonowo sutha kutukula ndowa yodzaza. Akamandibweretsera madzi kumunda, amaima patali n'kukuwa kuti, "Odi, bambo a Tadala, ndine!" Amadikira nditembenuke, ndiike khasu pansi, kenaka n'kuyandikira. Sindinamuuze kuti azitero. Ndikanayankhula msanga, mkazi wanga sakanamaodira mwamuna wake m'munda mwa amayi ake omwe.